Momwe Wosewera Mpira Angasankhire Chochita Kontrakiti Yake Ikamatha

Yambani ndi kudziwa tsiku lenileni limene kontrakiti yanu ikutha, chifukwa zina zonse zimawerengedwa kuchokera pa tsikulo. Malamulo a FIFA amalola wosewera kusainirana ndi timu ina ngati kontrakiti yake yatha kapena yatsala ndi miyezi 6 kuti ithe. M'maligi ambiri a ku Ulaya makontrakiti amatha pa 30 Juni, choncho mwayi umenewu umayamba mu Januwale. Robert Lewandowski anasainirana ndi Bayern Munich mu Januwale 2014 akadali wosewera wa Borussia Dortmund, anapitiriza kusewera ku Dortmund mpaka ligi inatha, kenako n'kusamuka popanda Bayern kupereka ndalama yomugulira. Komabe fufuzani malamulo a bungwe la mpira la dziko limene mukusewera, poti mayiko ena ali ndi malire awoawo pa matimu a m'dziko lomwelo.

Ufulu umenewu unakula chifukwa cha Jean-Marc Bosman wa ku Belgium, yemwe timu yake ya RFC Liège inamutsekereza kupita ku timu ya Dunkerque ya ku France ngakhale kontrakiti yake inali itatha mu 1990. Khoti la mayiko a European Union linagamula momukomera mu 1995.

Popeza timu yatsopano siyikugulani, ndalama imene ikanapita ku timu yakale ndiyo mphamvu yanu pokambirana, ndipo muli ndi chifukwa chomveka chopemphera ndalama yosainira kapena malipiro okwerako. Wosewera wachinyamata asamale pamenepa, chifukwa mpaka chaka chimene akukwanitsa zaka 23, timu ya kudziko lina imene yamutenga ikhoza kufunsidwa kulipira matimu amene anamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 12, ndipo zimenezi zimabweza m'mbuyo matimu ang'onoang'ono amene amaganiza kuti apeza munthu waulere.

Musakane kontrakiti ya timu yanu pongodalira malonjezo a pakamwa. Nkhani za osewera otchuka ngati Kylian Mbappé, amene anachoka ku Paris Saint-Germain kupita ku Real Madrid mu 2024 kontrakiti yake itatha, zimasocheretsa osewera wamba, chifukwa munthu wotere matimu amachita kumulimbirana. Wosewera wamba akavulala bondo kontrakiti itatsala mwezi umodzi, amene ankamuyimbira foni tsiku lililonse amangoti zii, ndipo malipiro amaima tsiku limene kontrakiti yatha. Ngati palibe pepala lochokera ku timu ina, kuwonjezera chaka chimodzi pomwe mulipo nthawi zambiri n'kwanzeru kuposa kudikira.

Mapepala akabwera, musathamangire pa mzere wa malipiro wokha. Onani kuti ndalama yotsimikizika ya pamwezi ndi ingati, nanga ndi ingati imene idalira zigoli, kupambana kapena chiwerengero cha masewera amene mwalowa m'bwalo, chifukwa bonasi ya masewera ilibe phindu kwa munthu amene akukhala pa benchi. Funsani ngati ndalamayo yalembedwa msonkho utachotsedwa kale, ndi m'ndalama ya dziko liti, komanso ngati idzatsika timu ikatuluka mu ligi. Ngati pali ndime yowonjezera chaka, dziwani amene ali ndi mphamvu yoigwiritsa ntchito, inu kapena timu. FIFA salola kontrakiti yopitirira zaka 5 pokhapokha ngati malamulo a dziko akulola, ndipo kwa wosakwana zaka 18 malire ndi zaka 3. Wosewera wamkulu amapindula ndi kontrakiti ya zaka zambiri, pomwe wachinyamata amene akukwera angafune ndime yonena mtengo umene timu ina ikalipira amasulidwe, monga mayuro 222 miliyoni amene anachotsa Neymar ku Barcelona mu 2017.

Lankhulani ndi mphunzitsi mwini wake, osati akuluakulu a timu okha, ndipo mumufunse malo amene akufuna kuti muzisewera komanso kuti pamalopo pali kale anthu angati. Ejenti wanu akhale ndi chiphaso cha FIFA, koma kumbukirani kuti iye amapeza yake mukasaina, choncho pepalalo liwerengedwenso ndi loya kapena bungwe loimira osewera, monga mabungwe amene ali pansi pa FIFPRO, bungwe la osewera mpira padziko lonse. Mukasaina, tengani kope lanu lokhala ndi masiginecha onse, poti mkangano wa malipiro ukadzabuka umboni wanu ndi umenewo. Malamulo amalola wosewera amene sanalipidwe miyezi iwiri kuthetsa kontrakiti, atachenjeza timuyo polemba kalata n'kuipatsa masiku 15.

Msika wa osewera, nthawi imene matimu amaloledwa kulembetsa osewera atsopano, ukatsekedwa musanapeze timu, musavomere chilichonse chifukwa cha mantha. Wosewera amene kontrakiti yake inatha msika usanatsekedwe akhoza kulembetsedwa ngakhale pambuyo pake, malinga ndi malamulo a ligi imene akupita, ndipo matimu amene osewera awo avulala kumayambiriro kwa ligi amafunafuna anthu otere. Pitirizani kuchita zolimbitsa thupi tsiku ndi tsiku, chifukwa timu yotere imayamba yakupimani kuchipatala isanakupatseni cholembera.