Mmene ndinapulumutsira mtengo wa maple umene unkapserera masamba

Nyengo yotentha itafika, mtengo wanga wa maple wa ku Japan, umene dzina lake la sayansi ndi Acer palmatum, unayamba kupserera m'mphepete mwa masamba, ndipo nsonga zake zinkapindika n'kumathetheka ndikazigwira. Poganiza kuti ukusowa madzi, ndinkauthirira tsiku lililonse, kenako ndinauthira feteleza, koma zinthu zinangoipiraipira.

Nditafukula pang'ono patsinde m'pamene ndinaona gwero la vutolo. Dothi lamakande linali litasunga madzi, timizu tina titada n'kufewa, komanso pobzala ndinali nditakwirira tsinde mozama kwambiri. Mizu yosowa mpweya siyamwa madzi bwino, choncho dzuwa lamasana ndi mphepo zinkaumitsa masamba ngakhale pansi panali ponyowa.

Ndinadikira mpaka mtengowo utayoyola masamba onse monga umachitira nyengo yozizira ikafika, kenako ndinauzula ndi dothi lake pogwiritsa ntchito khasu, fosholo ndi wilibala, n'kuusamutsira pamalo otetezeka ku mphepo, pamene pamawomba dzuwa lam'mawa lokha. Chimene ndinasamala kwambiri ndi kuya kwa dzenje. Ndinalikumba lotambalala kuwirikiza kawiri kukula kwa mizu, koma losazama, kuti pamene tsinde limayambira kutukuka n'kukhala mizu pakhale pamwamba pang'ono pa nthaka. Ndinadula mizu yowola, ndipo pamwamba ndinayala makungwa okwana masentimita 5 kuchindikala, osawagunditsa ku tsinde.

Feteleza ndinasiyiratu chaka chimenecho. Panopa ndimayamba ndapisa chala m'dothi, ndipo ndimathirira mokwanira pokhapokha ndikapeza kuti pauma. Masamba amene anaphuka pambuyo pake anatha nyengo yonse yotentha osapserera, kupatula ochepa a kunsonga.