Munagula malinki kuti mukwere pa Google? Nazi zoti muchite msanga

Mwezi watha mchemwali wanga amene ali ndi kaloji ku Senga Bay anandiimbira akudandaula, akuti achimwene alendo achepa ndipo ukasaka malo ogona ku Salima pa Google loji yanga sikuoneka olo pang'ono. Titakhala pansi ndi pomwe anaulula zoti chaka chatha munthu wina anamulembera pa WhatsApp kuti amubweretsera malinki ambirimbiri (timawu ta pa mawebusaiti ena toti munthu akadina amafika pa webusaiti yake) sabata imodzi yokha, iye n'kutumiza ndalama, basi. Malinki anabweradi koma ochokera m'mawebusaiti a juga ndi ogulitsa mankhwala, ena a zilankhulo zoti sitingawerenge n'komwe. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndalama zija anachita kukongola ku banki mkhonde.

Google chiyambire mu 1998 imatenga linki ngati umboni, wina akaika linki yolozera kwa inu ndiye kuti wakuchitirani umboni kuti ndinu odalirika. Ndiye kugula malinki kuli ngati kulemba ganyu mboni zabodza pabwalo la amfumu. Mu 2011 sitolo yaikulu ya ku America, J.C. Penney, inagwetsedwa pa Google pa nkhani yomweyi, ndipo mu 2012 a Google anabweretsa pulogalamu yotchedwa Penguin yosaka chinyengo chotere. Kuyambira 2016 malinki ambiri oipa amangowanyalanyaza, ndiye ndalama yanu yalowa m'madzi, koma nthawi zina amakulangani ndithu.

Choyamba siyani kulipira lero lomwe. Ngati munthuyo munamupatsa pasiwedi ya webusaiti isintheni pompano. Ngati muli mu kagulu kaja ka "undiikire linki nane ndikuikira", tulukanimo, ndipo ngati munaika pulogalamu yosinthana malinki yokha ichotseni, pajatu imaika pa webusaiti yanu malinki opita kwa anthu osawadziwa inu muli mtulo.

Kenako lowani mu Google Search Console, chida cha Google choonera momwe webusaiti yanu ikuonekera anthu akamasaka, ndi yaulere. Onani pomwe alemba Manual actions, ngati mwalangidwa uthenga umakhala pamenepo. Mukatero pitani pa Links muone mawebusaiti onse omwe akulozera kwa inu, mutsitse mndandandawo. Apa ndiye pamafunika kudekha, gulani bandulo yokwanira, khalani ndi kompyuta osati kafoni, muziona imodziimodzi. Funso ndi limodzi: webusaiti imeneyi ikukhudzana bwanji ndi loji ya kunyanja? Ya kampani yotenga alendo kupita nawo ku Kuti Wildlife Reserve kapena ku Nkhotakota Wildlife Reserve isiyeni, ndi yabwino imeneyo. Ya juga ilembeni pambali.

Eni mawebusaiti oipawo alembereni kuti achotse. Ambiri sayankha, ena amafuna muwalipirenso, musawapatse kalikonse, koma sungani mauthenga omwe mwatumiza.

Otsalawo ndiye mumawakana kudzera pa disavow, chida chomwe Google inatulutsa mu 2012. Mumalemba fayilo wamba ya .txt, mzere uliwonse kuyamba ndi domain: kenako dzina la webusaitiyo, n'kuitumiza. Chonde apa samalani, chida chimenechi n'cha amene alangidwa kapena akudziwa kuti anaguladi malinki, mukaikamo mwangozi mawebusaiti abwino mwadzipweteka nokha. Ngati panali chilango, dinani Request review mufotokoze zoona zokhazokha, kuti ndinagula, ndasiya, ndachotsa awa ndi awa. Yankho limatha kutenga masabata angapo.

Kulipira malonda pa nyuzi ya pa intaneti sikulakwa ayi, bola linkiyo aiike chizindikiro cha rel="sponsored" kapena nofollow, auzeni amene amakukonzerani webusaiti akudziwa zimenezi.

Nanga malinki abwino muwapeza kuti? Kwa anthu omwe mumagwira nawo ntchito kale, amaboti otenga alendo panyanja, okonza misonkhano ochokera ku Lilongwe, mlendo amene wadya chambo chanu n'kukalemba za ulendo wake. Lembani zinthu zoti munthu akuzifunadi, mwachitsanzo momwe angayendere kuchoka pa Kamuzu Road kukafika ku Senga Bay, komanso miyezi yomwe mwera umavuta panyanja. Lembetsaninso Google Business Profile, tsamba loonetsa bizinesi yanu pa Google, ndi zithunzi zenizeni za zipinda zanu.

Za mchemwali wangayo tinatumiza pempho Lachiwiri lapitali, tikudikira yankho.