Foni inkandidyera makilomita

Ndimathamanga m'mamawa mumsewu wochoka ku Salima boma kulowera ku Senga Bay, dzuwa lisanayambe kuwotcha. Kwa milungu ingapo app yoyezera mtunda inkandigwetsa ulesi. Munthu wathamanga mpaka thukuta kamukamu, koma pamapu pakuoneka mzere wowongoka ngati ndinauluka, makilomita 8 asanduka 5.

Poyamba ndinkaganiza kuti ndi bandulo. Ayi ndithu, GPS, yomwe imathandiza foni kudziwa pomwe ili, imalandira uthenga kuchokera ku masetilaiti, sidalira intaneti. Wolakwa ndinali ine ndemwe. Chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi ndinazolowera kusiya battery saver ili yoyatsa, ndiye sikirini ikangozima m'thumba, foni inkaigoneka app ija.

Ndinalowa mu Settings, pa Battery, n'kuilola kuti izigwirabe ntchito ngakhale sikirini itazima. Pa Location ndinasankha kuti iziona komwe ndili nthawi zonse. Ndisananyamuke ndimayamba ndaima pabwalo kamphindi, kutali ndi khonde la malata, mpaka GPS itagwira.

Lamba wapachifuwa woyeza kugunda kwa mtima nayenso ankaonetsa manambala openga poyambira. Ameneyo vuto linali khungu louma chabe, ndimangomunyowetsa mkati ndi timadzi ndisanavale. Dzulo makilomita 8 anakwana onse.