Hamala ndi imene ikupha ma beringi anu, maenje akungomalizitsa

Mvula ya chaka chino yatidyera misewu, zimenezo palibe angatsutse, ndipo magalimoto olira kutsogolo achuluka zedi, ukakwera Sienta kaya Probox ikangopitirira 60 kaphokoso kaja ka huuuu kayamba. Koma chikundiwawa ine si maenjewo ayi. Chikundiwawa ndi choti munthu wasintha beringi ya tayala lero, mwezi usanathe yayambanso kulira, ndiye mlandu ukuthamangira kwa wogulitsa ma sipeya kuti wamugulitsa feki, pomwe ndikafunsa kuti nanga inalowa bwanji mu knuckle, chitsulo cha kuseri kwa tayala chomwe beringi imakhalamo, yankho lake ndi limodzimodzi kulikonse, makaniko anaika pa mwala, anasanjika sokete yaikulu pamwamba, nkuyamba kukhoma ndi hamala mpaka inalowa. Abale anga, beringi imeneyo inafa isanayende ndi mita imodzi yomwe.

Ndikudziwa komwe chizolowezichi chinachokera. Ma pikapu akale aja, ma Hilux ndi ma Datsun amene achikulire athu anaphunzirirapo ntchito, kutsogolo anali ndi ma beringi awiri otseguka, umachotsa, kutsuka ndi parafini, kupaka girizi ndi chala, kachitsulo kozungulira kakunja umakalowetsa pakokha pogogoda pang'onopang'ono ndipo nati umaimanga momvera ndi dzanja. Pamenepo hamala inali ndi malo ake chifukwa umagogoda chitsulo chopanda kanthu mkati. Koma Vitz, Corolla, Passo, Probox, Fit, zonsezi zokoka ndi matayala akutsogolo, beringi yake ndi imodzi yotsekedwa kale ku fakitale, girizi ali mkati momwemo, ndipo muli mizere iwiri ya timipira tachitsulo toyenda m'njira zosalala kwambiri. Siitsegulidwa, siithiridwa girizi, simangidwa mongomvera. Ndiye wina akubwera ndi nzeru za Datsun pa galimoto yoteroyi nkumati ine ndayamba kalekale ntchitoyi. Inde munayamba kale bambo, koma galimoto inasintha, inu simunasinthe.

Tamverani chimene chimachitika mkatimo mukamenya. Mphamvu ya hamala ija siithera pa chitsulo mwamenyacho, imadutsa mpaka pa timipira tija, ndipo kampira kalikonse kamakhudza njira yake pa kamalo kakang'ono zedi, ndiye mphamvu yonse ija imathera pa kadontho kameneko nkusiya kachibowo. Ndi maso simungakaone, mukazungulitsa ndi dzanja mumva ngati zili bwinobwino, mwini galimoto alipira nkumapita akusangalala. Zili ngati thumba la chimanga cholowa anankafumbwe, kunja lili gwa koma mkati ntchito yayamba kale. Tayala la Vitz pa liwiro la 80 limazungulira kupitirira ka 10 pa sekondi imodzi, ndiye taganizani timipira tonse tija tikugwa m'tizibowo timeneto ulendo wonse wa Lilongwe kukafika Dedza, chitsulo chimayamba kusupuka tizidutswa, tizidutswato tisakanikirana ndi girizi, girizi asanduka chokhulira, beringi itentha, kenako phokoso labwerera. Apa nkuti rabala yotseka m'mbali ija nayonso itapindika ndi sokete munasanjika ija, ndiye mukangolowa m'chithaphwi beringi ili yotentha madzi ndi matope zimalowa mosavuta. Nyengo ya dzuwa beringi yokhomedwa imatha kukunamizani miyezi ingapo, koma ya mvula ino ayi, nchifukwa chake mukuona ngati ma sipeya achaka chino ndiwo oipa.

Ndipo kukhoma kumeneku kumachitika kawiri, anthu amaiwala. Koyamba polowetsa beringi mu knuckle, kachiwiri polowetsa habu, chitsulo chomwe tayala limamangidwapo, mu beringi. Kachiwirika ndiye koopsa kwambiri chifukwa habu imalowa mu chitsulo chamkati cha beringi, ndiye ngati kuseri simunachirikize chitsulo chamkaticho, mphamvu yonse ikudutsa pa timipira basi, nthawi zina theka lakuseri limachita kutulukiratu, makaniko nkulibwezera ndi chala, kupukuta girizi watuluka, nkukhala chete. Ndaonapo ndi maso anga mnyamata akutola timipira pa mchenga, kutipukuta pa ovolosi nkutibwezera. Mwini galimoto anali atapita kukagula chipisi.

Ma feki alipo, sindikukana, mabokosi olembedwa mayina a makampani odziwika monga Koyo kapena NSK kapena NTN koma mkati muli zina, ndipo amene akugula yotchipitsitsa pa msika asadabwe. Koma ngakhale mutagula SKF yeniyeni, mukaikhoma ndi hamala ifa chimodzimodzi, mwinanso zowawa kwambiri poti mwataya ndalama zambiri.

Pali bambo wina wa ku Tsangano amene amalima mbatatesi ndi kabichi, ali ndi ka Probox kake kamene amatsitsira katundu ku msewu waukulu. Iyeyu tayala lakumanzere linayamba kulira mvula itangoyamba, ndipo lakumanzere ndi limene limavutika kwambiri kuno kwathu poti ndilo limayenda m'mphepete momwe tala anadyeka, ukamapatukira lole ndi lomwelo limagwa m'dzenje. Anagula beringi, mnyamata wa pa trading anamukhomera pansi pa mtengo, inatha masabata owerengeka. Anagulanso ina, yodula kuposa yoyamba ija poganiza kuti vuto linali mtengo, mnyamata yemweyo, hamala yomweyo. Ulendo uno bambo aja anati aaa ingolira choncho ndithane kaye ndi zokolola, anakweza wailesi nkumayenda. Tsiku limene inakana anali atadzaza matumba mpaka kudenga, akutsika chitunda, tayala linayamba kugwedera, buleki kupita pansi chifukwa disiki ikamagwedezeka imakankhira ma pad kutali, mwamwayi anaimika m'mbali osagunda munthu. Nditakaona ine habu inali itadyeka poti chitsulo chamkati chinali chikuzungulira pa iyo, yasintha mtundu ndi kutentha, bowo la knuckle lakula moti beringi yatsopano imangolowa ndi dzanja. Ndiye werengani nokha, ma beringi atatu, habu, knuckle ya ku ma sikirapu, galimoto yoti ibwere kudzanyamula matumba, ndi mbatatesi zomwe anagulitsa motaya chifukwa zinafika msika utatha. Ndinawafunsa kuti bambo, ndalama yokapanitsa pa pulesi, makina olowetsa beringi pokankha osamenya, inali yochuluka bwanji poyerekeza ndi zonsezi, anangopukusa mutu nkuti mnyamatayo anati pulesi ndi za anthu a m'tauni.

Mawu amenewo ndi amene amandikwiyitsa. Pulesi si za m'tauni, ndi chida cha ntchitoyi basi. Ndipo simukufunika kukhala nayo inuyo, knuckle ikamasulidwa imakwana m'thumba la shuga, mukwera nayo minibasi kaya kabaza kupita kumene kuli pulesi, ku Biwi, ku Ndirande, ku Limbe, ku Mzuzu ngakhalenso m'maboma ambiri amene amakonza malole ndi mathirakitala amakhala nayo, ntchito yake ya mphindi zochepa. Anzanga amakaniko, kumuuza kasitomala kuti apa ndimasula ine koma kupanitsa tikapanitse kwina sikukuchotserani ulemu. Chimene chimakuchotserani ulemu ndi galimoto kubwerera katatu ndi vuto lomwelo, ndipo anthu amauzana, musaganize kuti sauzana. Inunso eni magalimoto lekani kuumiriza kuti ndikufuna ituluke pompano ndili ndi ulendo, ndinu nomwe mumamupatsa mnyamata hamala m'manja ndi changu chanucho. Khalani pomwepo muone, mukangomva kugogoda pa beringi yatsopano imitsani ntchito.

Pena pomwe anthu akuphera beringi yabwinobwino ndi pa nati yaikulu ya pakati pa habu, yomanga CV, shafti imene imazunguza tayala. Nati imeneyo ndi imene imagwirizitsa zitsulo ziwiri zamkati mwa beringi, ikalekerera tayala limagwedera, ndipo wina amatsitsa galimoto pansi nkuikankha kuti apereke malo nati isanamangidwe, pomwepo wayiwononga kale. Enanso pomanga amalumikiza paipi ya mamita awiri ku sipanala nkudumphapo. Pa Corolla ndi Vitz zambiri buku limati muyeso womangira natiyi ndi 216 Nm, nati za matayala 103 Nm, galimoto ina onani buku lake, torque wrench, sipanala yoyeza kumangako, bwerekani ngati mulibe. Nati ikhale yatsopano ndipo mukamanga mukhomere mlomo wake mu kampata kaja kuti isabwerere, apo pokha ndi pomwe hamala ikuloledwa.

Za kumasula sinditaya nazo nthawi, aliyense wogwira sipanala amadziwa. Ndingonena mwachangu zofunika. Musanagule kanthu tsimikizani kaye kuti ndi beringi, chifukwa tayala lodyeka mabanga mabanga limaliranso chimodzimodzi, sinthanitsani lakutsogolo ndi lakumbuyo mumve ngati phokoso lasamuka. Pa msewu wopanda anthu pendeketsani chiwongolero pang'ono uku ndi uku, likakula pokhotera kumanja nthawi zambiri ndi yakumanzere chifukwa ndiko kulemera kwapita. Kwezani pa jeke, ikani pa stand osati pa njerwa chonde, gwirani tayala pamwamba ndi pansi mugwedeze, kenako zungulitsani dzanja lina litagwira sipuling'i, beringi yakufa mumaimva kunjenjemera m'dzanjamo. Caliper, chogwira ma pad a buleki, imangirireni ndi waya isalendewere pa paipi ya buleki. Habu ikatuluka imatuluka ndi theka la chitsulo chamkati litakakamira, lichotseni ndi puller, chida chokokera, kapena lidulidwe mosamala ndi grinder osakhudza habu, ndipo habuyo ngati ili ndi mizere, yadyeka kapena yachita buluu gulani ina, musaikenso. Circlip, kamphete kotchinga beringi mu knuckle, ichoke kaye musanapanitse ndipo ibwerere mukamaliza, bowo la knuckle litsukidwe dzimbiri. Polowetsa beringi kankhani chitsulo chakunja chokha, chakunja cha beringi yakale ija mukachisenga pang'ono chimathandiza bwino pokankhira. Polowetsa habu chirikizani chamkati kuseri. Magalimoto ena monga Honda Fit beringi yake ili ndi maginito mbali imodzi owerengera ABS, yoletsa matayala kuloka mukaponda buleki mwamphamvu, mbali imeneyo iyang'ane mkati kumene kuli sensa, mukatembenuza nyali ya ABS iyaka ndipo kuitulutsanso ndiye kuiwononga, yesani ndi kapini kakang'ono muone mbali yomwe kakumata. Ngati kwanuko pulesi kulibiretu, bawuti lalitali lonenepa ndi mawashala okhuthala limakoka beringi pang'onopang'ono osamenya, bola ilowe mowongoka. Amene galimoto zawo zili ndi habu yobwera pamodzi ndi beringi yongomanga ndi mabawuti kuseri muli ndi mwayi, tsukani pokhalira pake mumange, osaimenyanso kuti ikhale. Mukamaliza pondani buleki kangapo musanasunthe, ndipo poti munamasula mabawuti a pa shoko pitani ku alignment sabata yomweyo matayala asanayambe kudyeka mbali imodzi.