Mmene Mungazindikirire Matenda a Dissociative Disorders pa M'bale Wanu

Matenda a maganizo amene madokotala amawatcha dissociative disorders amachititsa munthu kusiyana kwa kanthawi ndi zimene amakumbukira, thupi lake kapena umunthu wake, ndipo kawirikawiri gwero lake limakhala nkhanza kapena zoopsa zimene anakumana nazo, makamaka ali mwana. Buku la DSM-5, lomwe madokotala amagwiritsa ntchito pozindikira matenda a maganizo ndipo linatuluka mu 2013, limatchula mitundu itatu ikuluikulu.

Yambani ndi kuona kaiwalidwe kake. Wodwala dissociative amnesia amaiwala chochitika chonse chopweteka kapena mbali ya moyo wake, ndipo ena amapezeka kutali ndi kwawo osadziwa mmene anafikirako. Kenako mvetserani mawu ake: akanena kuti akudziona ngati waima kunja kwa thupi lake, kapena kuti zomuzungulira zikuoneka ngati maloto, pamene iye akudziwa kuti ndi mmene akumvera chabe osati mmene zinthu zililidi, imeneyo ingakhale depersonalization/derealization disorder. Mtundu wachitatu, dissociative identity disorder, umaonetsa umunthu uwiri kapena kuposerapo wosinthana, ndipo wodwalayo sakumbukira zimene wachita.

Vutoli likayamba, musamugwedeze kapena kumukalipira. Mutchuleni dzina modekha, muuzeni kumene ali, ndipo mupempheni kuti aponde pansi mwamphamvu ndi kutchula zinthu zimene akuona. Lembani nthawi ndi chimene chinachitika vutoli lisanayambe, kenako pitani naye kuchipatala, chifukwa khunyu, kuvulala m'mutu, mowa ndi chamba zimabweretsa zizindikiro zofanana. Ndikukupemphani kuti musafulumire kunena kuti walodzedwa, popeza chithandizo chenicheni, chomwe ndi uphungu wa katswiri wa maganizo, chimachedwa pamene banja likufunafuna mfiti.