Momwe mungasankhire ma shock osinthika a galimoto ya mpikisano osataya ndalama pachabe

Ma shock osinthika oyamba amene ndinamanga pa Corolla yanga yothamangitsa ndinawagula kwa munthu wina pa intaneti, atanditsimikizira kuti ali ndi ma click opitirira 30, kutanthauza masitepe a kachopotokola kolimbitsira kapena kufewetsera shock. Anagwira ntchito Loweruka limodzi lokha. Pofika masana, titazungulira kangapo pabwalo la fumbi, galimoto inayamba kunjanja kumbuyo ngati ngolo yopanda katundu. Nditagwada kuti ndione, ndinapeza oyilo atayenderera mbali yonse ya shock ya kumanzere, fumbi litamatirira ngati phala. Chubu chake chinali chotentha moti chala sichikanakhalapo. Nditamufunsa wogulitsayo za ma seal atsopano, timphira totchinga oyilo kuti asatuluke, anati kulibe, ndingogula seti ina yonse.

Chichokereni tsiku limenelo, ndikaona shock sindiyamba ndafunsa kuti ili ndi ma click angati. Ndimafunsa kuti ikatopa, ndani angaitsegule n'kuikonza. Kwa ife amene timathamangitsa galimoto ndi ndalama za m'thumba mwathu, funso limenelo ndi limene limasiyanitsa amene adzabwerenso pabwalo mwezi wamawa ndi amene galimoto yake idzagona pa zidina. Nazi zoyenera kutsata.

1. Yambani mwamvetsa chimene mukupotokolacho

Chimene chimanyamula kulemera kwa galimoto ndi sipuling'i, osati shock. Shock ntchito yake n'kuletsa sipuling'iyo kuti isamangovina. M'kati mwake muli pisitoni imene imakankha oyilo kudutsa m'timabowo ndi m'mavalavu, ndipo mphamvu ya kugwedezeka imasanduka kutentha. N'chifukwa chake shock imene yagwira ntchito imawotcha.

Imayenda mbali ziwiri. Tayala likagunda bampu, shock imafinyika, ndipo kumeneko amati bump kapena compression. Sipuling'i ikamabweza tayala pansi, shock imatambasuka, ndiye rebound imeneyo. Kachopotokola kaja kamangochepetsa kapena kukulitsa njira ya oyilo. Sikasintha kulimba kwa sipuling'i, ndipo galimoto imene imapendekeka kwambiri pakona yaitali siichira chifukwa mwalimbitsa shock. Shock imalamula liwiro la kupendekekako, pomwe kukula kwake kuli m'manja mwa masipuling'i ndi anti-roll bar, chitsulo cholumikiza mbali ya kumanja ndi ya kumanzere kuti galimoto isapendekeke kwambiri.

Mukamva za low speed ndi high speed, si liwiro la galimoto ayi. Akunena liwiro limene shafiti ya shock ikuyendera. Kuponda buleki, kukhota ndi kuponda moto kumaiyendetsa pang'onopang'ono, cha m'ma milimita 50 pa sekondi kapena kucheperapo. Dzenje ndi mwala zimaimenya mwadzidzidzi, ngakhale galimoto ikuyenda pang'ono.

2. Dziwani kumene mukathamangire, ndipo werengani malamulo ake

Shock ya pa tala ndi ya pa fumbi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Abale athu amene ali ku Joni n'kumapita ku Zwartkops pafupi ndi Pretoria, kapena amene ali ku Cape Town kufupi ndi Killarney, kapena ku Harare kumene kuli Donnybrook, amathamanga pa tala wosalala, ndipo shock yaifupi yolimba imawayendera bwino. Amene mukukonzekera rally ya m'misewu ya fumbi, ngati imene imachitika ku Zambia, mukufunika shock yoyenda mtunda wautali, yokhala ndi oyilo wambiri ndi shafiti yonenepa. Ma coilover (shock ndi sipuling'i zomangidwa pamodzi) ambiri otsika mtengo amene amabwera ndi galimoto za ku Japan anapangidwira kutsitsa galimoto kuti izioneka bwino m'tauni. Mukawapititsa ku fumbi amatha tsiku lomwelo.

Musanalipire, pezani malamulo a kalasi imene mukufuna kulowa. Makalasi ena a oyamba kumene amaletsa ma shock okhala ndi botolo lapadera la oyilo, ena amaika malire pa kuchuluka kwa zopotokola.

3. Chubu chimodzi kapena ziwiri

Apa ndi pamene pagona nkhani ya kulimba, ndiye tiyeni tichedwepo.

Shock ya machubu awiri, twin-tube, ili ndi chubu cham'kati mmene mumayenda pisitoni ndi china chakunja chosungira oyilo. Ubwino wake ndi woti mwala ukaphwanya pang'ono chubu chakunja, pisitoni imayendabe, komanso mtengo wake umakhala wofikirika. Vuto lake ndi kutentha. Chubu chakunja chimatsekereza kutenthako, ndipo oyilo akasakanikirana ndi mpweya amachita thovu. Thovu limafinyika mosavuta, ndiye shock imafooka mpikisano uli m'kati. Mumayamba galimoto ikumvera, pofika ulendo wachisanu ikusambira.

Ya chubu chimodzi, monotube, ili ndi kapisitoni kena koyandama kamene kamalekanitsa oyilo ndi mpweya wa nayitrojeni wopopedwa mwamphamvu. Oyilo sachita thovu msanga, pisitoni yake ndi yaikulu, ndipo kutentha kumatuluka mwachindunji chifukwa oyilo wakhudzana ndi chubu chimene chikuombedwa ndi mphepo. Kampani ya Bilstein ya ku Germany inatchuka ndi mtundu umenewu kuyambira pamene Mercedes-Benz inayamba kuumanga pa galimoto zake mu 1957. Koma chubu chikangobonyoka, pisitoni imakakamira, shock yatha. Pa fumbi muyenera kuitchingira miyala.

Ineyo maganizo anga ndi awa: ngati mumathamanga maulendo aafupi, monga gymkhana kapena kuzungulira ma cone kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, twin-tube yabwino ngati Koni Sport, ija yachikasu, ikukwanirani ndipo idzakhalitsa. Ngati mumakhala pabwalo mphindi 15 kapena 20 osapuma, kapena mukupita ku rally, sungani ndalama mpaka mukwanitse monotube. Pa galimoto za MacPherson strut, mmene shock ndiyonso imagwira tayala kuti liime bwino, monga Corolla, Impreza ndi Golf, strut imanyamulanso mphamvu ya m'mbali pokhota. N'chifukwa chake a rally amakonda monotube yozondoka, imene chubu chonenepa ndicho chimalandira mphamvu imeneyo m'malo mwa shafiti yopyapyala.

4. Zopotokola zichepe

Pali ma shock a chopotokola chimodzi, ziwiri, zitatu mpaka zinayi. Kampani ya KW inawasanja momveka bwino: V1 mumangosintha kutalika kwa galimoto, V2 mumasintha rebound, V3 mumasintha rebound ndi bump payokhapayokha. Koni Sport imasintha rebound. Bilstein B16 PSS10 ili ndi masitepe 10 osintha zonse ziwiri nthawi imodzi, pomwe BC Racing BR ya ku Taiwan ili ndi ma click 30 ochitanso chimodzimodzi.

Masitepe 10 amene lililonse mukulimva pachiwongolero amaposa 30 amene theka lake silisintha kanthu. Ndaonapo ma shock otsika mtengo amene ya kumanja ndi ya kumanzere, zonse zili pa click yofanana, imodzi ndi yolimba inayo ndi yofewa. Galimoto yotero imakhotera bwino mbali imodzi yokha, ndipo dalaivala amadziimba mlandu pachabe.

Ngati n'chaka chanu choyamba kapena chachiwiri, tengani ya chopotokola chimodzi. Mukafika poti mutha kutsika m'galimoto n'kunena kuti "kumbuyo kukuthawa ndikangosiya buleki", pamenepo ya ziwiri idzakuthandizani. Za zitatu ndi zinayi, monga zapamwamba za Öhlins, Penske kapena Reiger, zimafuna munthu wodziwa kuwerenga zotsatira za makina. Ndalama imeneyo ikagule matayala abwino ndi mabuleki.

5. Funsani mafunso awa musanatulutse ndalama

Kodi shock imeneyi imatseguka n'kukonzedwa, kapena ndi yomata? Kodi ma seal, oyilo ndi shafiti zake zimapezeka kuti? Ikawonongeka imodzi, angakugulitseni imodzi yokha? Kodi pali amene amaikonza n'kuiyesa pa shock dyno, makina amene amajambula mphamvu ya shock pa liwiro losiyanasiyana?

Kwa ife a kuno, malo apafupi ochitira zimenezi nthawi zambiri amakhala ku South Africa, ndiye werengerani ndalama yotumizira ndi masabata odikira. Shock ya dzina lodziwika imene ili ndi woikonza ku Johannesburg ndi yodalirika kuposa yapamwamba kwambiri imene muyenera kuitumiza ku Ulaya. Samalaninso ndi zachinyengo, chifukwa mayina otchuka amakoperedwa. Pemphani nambala imene yadindidwa pa chubu, mukaifananize ndi ya pa webusaiti ya kampaniyo. Mtengo ukatsika modabwitsa, pali chifukwa.

Funsaninso za masipuling'i. Akalemba 8K ndiye kuti pamafunika makilogalamu 8 kuti ifinyike milimita imodzi. Mavalavu a shock amakonzedwa molingana ndi sipuling'i inayake, ndipo mukaika yolimba kwambiri kuposa imeneyo, ngakhale mupotokole mpaka kumapeto shock siikwanitsa kuigwira.

6. Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito

Ambiri a ife timagula zotere, ndipo palibe cholakwika. Pukutani shafiti, muyendetsepo chikhadabo. Chikakodwa pa kamzere kapena pa dzimbiri, seal yatsopano idzadyeka msanga. Kanyontho pang'ono pamwamba sikoopsa, koma oyilo woyenderera ndi chizindikiro choti yatha. Chotsani sipuling'i, mufinye shock ndi manja. Ya mpweya iyenera kubwerera yokha mosadukiza, ndipo ziwiri za ekiselo imodzi zibwerere mofanana. Mukamva malo ofewa pakati, kapena kuphulika kwa thovu, muli mpweya mu oyilo. Potokolani kuchoka kofewa kufika kolimba, mumve ngati dzanja likuona kusiyana. Yesaninso mphete zotsitsira ndi kukwezera galimoto, chifukwa zambiri zimafika zitagwirana ndi dzimbiri.

7. Kumanga

Shock zambiri zimafera pa galaja zisanaone bwalo. Musagwire shafiti ndi pulayala, ndipo nati yapamwamba musaimange ndi mfuti ya mpweya yomangira mabawuti, chifukwa imazungulitsa shafiti n'kumasula zam'kati kapena kuthyola kachopotokola. Mabawuti odutsa m'mabushi a labala amangeni komaliza galimoto itaima pa matayala ake, osati ili pa jeke. Mabushi ndi ma ball joint otha sinthiranitu.

Musatsitse galimoto mopitirira. Mangani kachingwe ka pulasitiki, cable tie, pa shafiti, mukatsitse mpaka kagunde chubu, kenako yendetsani galimoto kuzungulira bwalo kawiri katatu. Mukakapeza katakankhidwira kumapeto penipeni, shock ikugunda pansi, ndipo kugunda kumeneko kumaswa mavalavu. Kwezani galimoto kapena ikani sipuling'i yolimbirapo. Mukamaliza, kaikitseni alignment.

8. Kusintha pabwalo

Izi zichitikire pabwalo lotsekedwa, osati pa M1 pamene pali njinga, ana a sukulu ndi maminibasi.

Ma click ambiri amawerengedwa kuchokera kolimba kwenikweni, koma onani buku la shock yanu. Potokolani mofatsa, ikangoima musaikakamize, chifukwa kansonga kam'kati n'kosachedwa kupindika. Onetsetsani kuti mpweya wa m'matayala uli bwino musanayambe, ndipo khalani ndi kope ndi cholembera.

Ngati muli ndi zopotokola ziwiri, yambani zonse zili kofewa. Limbitsani bump ma click awiri kapena atatu nthawi imodzi, mukuzungulira, mpaka galimoto iyambe kudumpha pa mabampu n'kumataya msewu. Pamenepo bwererani ma click awiri. Kenako limbitsani rebound mpaka galimoto izilowa pakona mosadzandira, izikhazikika kamodzi osagwedezekanso. Rebound ikachuluka, sipuling'i imalephera kubwerera bampu lina lisanafike, galimoto imanka nitsika mpaka kukhala pa ma bump stop, timphira toletsa shock kufika kumapeto, ndipo imauma ngati thabwa. Anthu ambiri akamva kuuma kotero amaganiza kuti ndiye galimoto ya mpikisano imeneyo, chonsecho matayala sakugwira pansi.

Zikakhazikika, konzani khalidwe lake pakona. Ngati mphuno ikukana kulowa, fewetsani kutsogolo kapena limbitsani kumbuyo pang'ono. Ngati kumbuyo kukuthawa, chitani mosemphanitsa. Sinthani chinthu chimodzi basi, mbali zonse ziwiri mofanana, zungulirani katatu, lembani nthawi ndi zimene mwamva. Pa fumbi ndi pa mvula, fewetsani kuposa mmene mtima ukufunira.

9. Mukabwerako

Tsukani ma shock ndi madzi ndi sopo tsiku lomwelo, makamaka m'mazinga a mphete, ndipo musalozetse paipi ya madzi amphamvu pa seal. Pakani mankhwala oletsa dzimbiri m'mazingamo. Mphira wotchinga fumbi ukang'ambika sinthani msanga, chifukwa fumbi lathu lofiirali likalowa limadya seal ngati sandipepa. Oyilo wa m'shock amakalamba ngati wa mu injini, ndiye tsatirani nthawi imene kampani inanena yokonzetsera, ndipo ngati mumathamanga pa fumbi ifupikitseni. Nthawi yabwino yotumiza ndi ya dzinja, mipikisano itaima. Tumizani ziwiri za ekiselo imodzi pamodzi, ndipo pemphani kuti pobweza aikemo pepala la dyno, mulisunge m'kope lija kuti chaka chamawa mudzakhale ndi pofananizira.