Momwe mungafufuzire amene anapanga vazi yakale ya galasi

Vazi ya galasi yopangidwa pamanja kawirikawiri imafika kwa mwini wake watsopano ilibe dzina, chifukwa kapepala kamene kanamatidwa pa iyo kanamatuka kalekale poitsuka. Ambiri amayang'ana mtundu wake n'kuthamangira kunena kuti ndi ya ku Murano, malo a ku Italy otchuka popanga zinthu za galasi, koma mtundu ndi umboni wofooka, popeza m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 mitundu yofananafanana inkapangidwa ku Italy, ku Sweden, ku Malta ndi ku Czechoslovakia. Umboni wodalirika uli kunsi kwa vaziyo, ndipo kafukufuku ayambire kumeneko.

Musanachite chilichonse, musaiviike m'madzi ndipo musapale kachidutswa kalikonse ka pepala kamene katsalira, ngakhale katada. Mawu akuti West Germany amasonyeza zaka za pakati pa 1949 ndi 1990, ndipo dzina la Czechoslovakia linasiya kukhala la dziko kumapeto kwa 1992, choncho kapepala kong'ambika kakhoza kukuuzani dziko ndi nyengo nthawi imodzi.

Kenako yalani nsalu yofewa patebulo, zondotsani vaziyo, muunike kunsi kwake ndi tochi kuchokera cham'mbali osati pamwamba. Kuwala kopendekeka kumaonetsa zilembo zosaya zimene diso limaziphonya. Chimene mukufunafuna poyamba ndi chipsera chotchedwa pontil. Wouzira galasi akafuna kukonza kukamwa kwa vazi, amamata kunsi kwake ku ndodo yachitsulo galasi likadali lotentha, ndipo akamaliza amaithyola, n'kusiya chipsera. Amisiri ena ankachisiya chokakala choti chimakanda chala, ena ankachipera mpaka kusanduka kadzenje kozungulira kosalala, ndipo ena ankapera kunsi konse kukhala see. Mmisiri aliyense anali ndi chizolowezi chake pamenepa, ndipo chizolowezi chotere sichisinthasintha monga mmene mitundu imasinthira. Mwachitsanzo, Michael Harris, amene anayambitsa Mdina Glass ku Malta mu 1968 n'kudzatsegula Isle of Wight Studio Glass ku England mu 1973, ankadinda chizindikiro chooneka ngati lawi la moto pa chipsera cha zina mwa ntchito zoyambirira za ku Isle of Wight.

Mukapeza mizere yopyapyala yotsika m'mbali mwa vaziyo, dziwani kuti inaumbidwa m'chikombole. Zimenezi sizitanthauza kuti ndi yachabechabe, koma zikutanthauza kuti mufufuze m'makatalogu a mafakitale m'malo mofufuza mmisiri wogwira ntchito payekha. Mavazi okakala a fakitale ya ku England ya Whitefriars amene Geoffrey Baxter anatulutsa mu 1967 ankauziridwa m'zikombole, ambiri analibe siginecha, ndipo lero amazindikirika pofananitsa maonekedwe, msinkhu ndi mtundu ndi makatalogu a fakitaleyo, imene inatsekedwa mu 1980.

Ngati pali siginecha, musafulumire kuiwerenga ngati dzina limodzi. Jambulani chithunzi, muchikulitse, ndipo mulembe papepala chilembo chilichonse monga mmene chikuonekera, pamodzi ndi manambala. Amisiri a m'gulu la studio glass (ogwira ntchito paokha, osati m'fakitale), limene linayamba ndi maphunziro amene Harvey Littleton ndi Dominick Labino anachititsa ku Toledo Museum of Art ku America mu 1962, kawirikawiri ankazokota dzina lawo ndi chaka, nthawi zina manambala awiri omalizira okha. Mafakitale a ku Sweden monga Orrefors ndi Kosta ankalemba dzina la fakitale, zilembo zoimira wojambula ndi nambala ya kapangidwe ka katunduyo, moti zilembo ziwiri zimene zikuoneka zopanda tanthauzo zikhoza kukhala yankho lonse.

Pano m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa siginecha ndi chinthu chosavuta kunamiza. Munthu wokhala ndi kachipangizo kozokotera akhoza kulemba dzina lotchuka pa vazi iliyonse m'mphindi zochepa. Yang'anani ndi galasi lokulitsira zinthu mzere wa timikwingwirima umene umabwera kunsi chifukwa cha kukhulana ndi matebulo kwa zaka zambiri. Timikwingwirima tenitenito timaloza mbali zosiyanasiyana ndipo timapezeka pamalo okhawo amene amakhudza tebulo, pamene tochita kupanga ndi sandipepa timalowera mbali imodzi. Dzina lozokotedwa mwatsopano pamwamba pa timikwingwirima takale ndi lokayikitsa. Siginecha iyenera kugwirizana ndi chipsera, kulemera ndi kapangidwe ka vaziyo. Zikatsutsana, khulupirirani galasilo osati dzinalo.

Mukatero yezani msinkhu, kukula kwa kukamwa ndi kwa kunsi m'masentimita, ndipo muiike pasikelo. Onani ngati m'mphepete mwa kukamwa munasalazidwa ndi moto kapena munadulidwa n'kuperedwa. Onaninso mmene mtundu unalowera m'galasi: ngati mitundu ili yosanjikizana mkati mwa galasi loonekera lochindikala, imeneyo ndi njira yotchedwa sommerso, yodziwika ndi Murano ngakhale kuti mayiko ena anaitengera. Tochi ya UV, yotulutsa kuwala kwapadera kotchedwa ultraviolet, imathandiza pang'ono, pakuti galasi lokhala ndi chitsulo chotchedwa uranium limawala mobiriwira kwambiri likaunikidwa nayo, koma zimenezi zimangoonetsa zosakaniza za galasilo, osati dzina la mmisiri.

Pomaliza pake ndi pamene mungapite pa intaneti. Kufufuza ndi chithunzi kumabweretsa mavazi ofanana, koma ogulitsa ambiri amangokopera mayina kwa anzawo, moti dzina lolakwika limabwerezedwa mpaka kuoneka ngati loona. Dalirani makatalogu akale a mafakitale ndi zosonkhanitsa za nyumba zosungiramo zinthu zakale monga Corning Museum of Glass ya m'chigawo cha New York ku America, imene ilinso ndi laibulale yaikulu ya nkhani za galasi yotchedwa Rakow Research Library. Potumiza funso kwa akatswiri kapena kwa anthu osonkhanitsa magalasi, phatikizani chithunzi cha vazi yonse kumbuyo kuli koyera, cha kunsi chowunikidwa cham'mbali, cha kukamwa, cha siginecha, ndiponso miyeso yonse. Ngati umboni ukungofika pa dziko ndi zaka, lembani zimenezo pakapepala kuti zisungidwe pamodzi ndi vaziyo, ndipo dzina la mmisiri mulilembe pokhapokha mutaona vazi ina yotsimikizika imene chipsera chake, miyeso yake ndi kalembedwe ka siginecha yake zikufanana ndi zanu.